Kusamala Wokalamba Pamene Mbumba Yabalalika: Poyambira Mabanja a ku Mangochi

M'midzi yambiri ya m'boma la Mangochi, kuyambira kwa Makanjira mpaka kwa Chimwala, si zachilendo kupeza khomo limene patsala agogo ndi tiana tokha. Anyamata anapita ku Joni kukasaka ndalama, ena amatha miyezi ali kunyanja kutsata usipa, ana aakazi ena anatsatira amuna awo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo ambiri amene akanakhala akusamala makolo lero anatha ndi Edzi boma lisanayambe kugawa ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Kale wokalamba ankasamalidwa popanda wina kukhala pansi n'kukonza, pakuti mbumba yonse inkakhala pabwalo limodzi ndipo mbale ya nsima inkachokera kukhomo lililonse. Lero chisamaliro chotere chiyenera kukonzedwa mwadala, chifukwa chikasiyidwa kuti chidzichitikire chokha chimagwera munthu mmodzi, kapena sichichitika n'komwe.

Malamulo a dziko lino amati wachikulire ndi munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha, anasonyeza kuti m'dziko lonse anthu a msinkhu umenewu ndi pafupifupi 5 pa anthu 100 alionse. Ochepa kwambiri mwa iwo amalandira penshoni, popeza penshoni imatsata ntchito yolembedwa, pamene makolo athu ambiri anakalambira m'munda, m'bwato ndi pamsika. Kumudzi ukalamba suwerengedwa ndi zaka zokha. Munthu amayamba kuonedwa ngati wokalamba pamene khasu lamulemera, pamene sangathenso kukoka ukonde, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake amayamba kupepuka pabwalo. N'chifukwa chake banja limene likukonza chisamaliro liyenera kuyang'ana zinthu ziwiri nthawi imodzi, thupi la wokalambayo ndi malo ake pakati pa anthu.

Yambani ndi kuona ndi maso anu. Palamya makolo amayankha kuti ali bwino ngakhale agona ndi njala, chifukwa safuna kudetsa nkhawa mwana amene ali kutali, ndiponso amaopa kuoneka ngati akuneneza amene akukhala nawo. Pitani mukagone pakhomopo masiku angapo, kapena tumizani m'bale wokhulupirika ngati muli kunja. Onani amene amatunga madzi ndi kutola nkhuni, amene amaphika, kuti agogo amadya kangati pa tsiku, amene amagona nawo m'nyumba usiku, ndiponso ngati pali anthu amene amabwera kudzacheza nawo popanda chofuna. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mdzukulu amene anatumizidwa kuti azithandiza agogo ndi mwana wa zaka 8 amene agogowo ndiwo akumulera, kumuphikira ndi kumufunira yunifolomu. Khomo lotere silinalandire wothandiza, lalandira pakamwa pena podyetsa, ndipo makolo a mwanayo ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa.

Mukaona mmene zinthu zilili, itanitsani nkhumano ya mbumba. Nthawi yabwino ndi imene anthu amasonkhana kale, monga pa Idi, pa Khirisimasi, pambuyo pa sadaka kapena pa ukwati, ndipo amene ali ku Joni angathe kumvera pa WhatsApp. Mwinimbumba ndiye woyenera kuitanitsa, chifukwa mwana wamng'ono akaitanitsa yekha, ngakhale akhale wandalama, ena amaona ngati akufuna kulamulira akuluakulu ake. Agogowo akhalepo, ndipo ayambe ndiwo kulankhula. Afunseni momveka kuti, "Anganga, inuyo mukufuna kukhala kuti, nanga ndani amene mukufuna kuti azikusambitsani mukadwala?" Funso lachiwirili anthu amalithawa chifukwa cha manyazi, koma ndi lofunika, popeza mayi wachikulire sangalole kusambitsidwa ndi mwana wake wamwamuna, ndipo bambo wachikulire angalolere kukhala wosasamba m'malo movula pamaso pa mwana wake wamkazi.

Pankhumanoyo gawanani ntchito potchula mayina, osati pongovomerezana kuti tonse tizithandiza. Adziwike amene azigula chimanga, amene azikonza denga mvula isanayambe, amene aziperekeza agogo kuchipatala ndi amene azilipira kabaza. Zimenezi zilembedwe m'kabuku, ndipo wina aziwerenge mokweza anthu asanabalalike.

Pamenepa pali nkhani imene mabanja ambiri amailakwitsa, ndipo ndiyo imabala udani pakati pa abale. Amene amatumiza ndalama pa Mukuru kapena pa Airtel Money amatchuka kuti ndiye akusamala makolo, pamene mlongo wake amene anatsala pamudzi, amene amadzuka usiku, kuchapa zofunda zonyowa ndi kusiya geni yake ya nsomba kuti adikirire wodwala, amaonedwa ngati sakuchita kanthu. Pafupifupi nthawi zonse munthu ameneyu amakhala wamkazi. Mbumba yanzeru imavomereza poyera kuti manja akewo ndi chopereka cholemera kuposa ndalama, imamupatsa gawo lake pa zimene zatumizidwa kuti banja lake lisasauke chifukwa cha ntchitoyi, ndipo imakonza zoti wina azimulandira kuti apume, apite ku maliro, ku banki mkhonde kapena kukapemphera. Wosamala amene watopa ndipo sayamikidwa amayamba kukalipa, kenako kumana chakudya, ndipo nkhanza zambiri zimene okalamba amakumana nazo zimayambira pamenepa, m'nyumba mwawo momwe. Nayenso wotumiza ndalama ali ndi ufulu wodziwa mmene zayendera, choncho ndalama zizilandiridwa ndi munthu mmodzi wodziwika, agogo aziuzidwa kuti zafika zingati, ndipo kagawo kena kaziperekedwa m'manja mwawo kuti agule chimene mtima wawo wafuna kapena aponye chopereka popanda kupempha kwa mwana.

Abambo okalamba amafunika kuwaganizira mwapadera chifukwa cha chikamwini, chimene ndi mwambo wa Ayao ambiri ndiponso Anyanja a m'mbali mwa nyanja. Mayi amakalambira pamudzi pake, pakati pa ana ake aakazi ndi adzukulu, pamunda wa makolo ake. Bambo amakalambira pamudzi pa eni. Angakhale atakhalapo zaka 40, atamanga nyumba ya malata ndi kubzala mitengo ya mango imene mudzi wonse ukudya, mkazi wake akamwalira ndipo mwambo wosudzula ukachitika, pamakhala anthu amene amayembekezera kuti anyamule katundu wake abwerere kwawo. Kwawoko amakapeza anzake a msinkhu wake atatha, alongo ake atamwalira, ndipo ana a alongo akewo, amene mwambo umati ndiwo ayenera kumulandira, samudziwa bwino ndipo ali ndi mavuto awo. Munthu wotere amatha msanga, ndipo chimene chimamumaliza nthawi zambiri ndi kusowa wolankhula naye.

Musadikire maliro kuti mukambirane zimenezi. Pamene onse awiri ali moyo, ankhoswe a mbali zonse akhale pansi ndi ana, ndipo agwirizane pamaso pa anyakwawa kuti wotsalayo adzakhala m'nyumba yake mpaka imfa ngati iye mwini afuna. Ana aakazi ndiwo ali ndi mphamvu pa nkhaniyi, popeza malowo ndi awo, ndipo mwana wamkazi akanena poyera kuti bambo anga sachoka pano, kawirikawiri palibe amene amatsutsa. Ngati bamboyo afuna yekha kubwerera kwawo, yambani msanga kumuperekeza kumeneko, azikaonekera pa maliro ndi pa zochitika zina, kuti akadzapita asadzafike ngati mlendo. Chimodzimodzinso mayi amene anatengedwa chitengwa, kapena amene analibe mwana, kapena mkazi wamkulu pa mitala amene mwamuna wake anasamukira kwa wamng'ono. Anthu amenewa ndiwo amagwera m'mipata ya mwambo, ndipo mbumba iyenera kuwatchula mayina pankhumano.

Ana amene zinthu zikuwayendera amafulumira kunena kuti agogo asamuke akakhale nawo m'tauni. Nthawi zina n'koyenera, makamaka ngati matenda akufuna chipatala chachikulu pafupi, koma ganizirani kaye zimene mukuwachotsera. Kumudzi ali ndi anzawo, mzikiti kapena tchalitchi chimene amapitako wapansi, manda a abale awo, ndi anthu amene amawadziwa kuti anali ndani. M'tauni amatsekeredwa mumpanda tsiku lonse ndi wantchito, pakati pa adzukulu amene mwina samva n'komwe Chiyao. Ngati n'kotheka, tumizani chithandizo kumene ali, ndipo m'tauni azibwera kudzacheza n'kubwerera.

M'chaka cha 1961 akatswiri awiri a ku America, Elaine Cumming ndi William Henry, anafalitsa ganizo lakuti n'chibadwa kuti munthu akamakalamba azidzipatula pang'onopang'ono, ndipo anthu nawonso azimusiya. Ofufuza ambiri amene anabwera pambuyo pawo analitsutsa ganizoli, posonyeza kuti okalamba ochuluka sadzipatula mwakufuna kwawo koma amachita kupatulidwa, ndipo amene akupitiriza kukhala ndi chochita pakati pa anzawo amakhala okhutira ndi moyo wawo. Ife timawapatula ngakhale mwa chikondi, pamene timalanda khasu, mphika ndi mtanga n'kunena kuti, "Khalani pansi mupume, mwagwira kale ntchito." Achotsereni ntchito zolemetsa ndi zoopsa zokha, monga kutunga madzi kunyanja kapena kumtsinje wa Shire kumene kuli ng'ona, koma asiyireni zimene angathe. Msodzi wakale angathe kusoka maukonde ali pamthunzi, mayi wachikulire angathe kuyang'anira usipa pathandala, kusankha mbewu, kutongola chimanga kapena kuluka mikeka ya mlaza, ndipo akagulitsa ndalamayo ikhale yawo. Pakakhala mlandu wa banja, chinkhoswe kapena nkhani ya malire, aitaneni ndipo mawu awo amveke, pakuti paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene sangathe kuyenda anyamulidwe pa njinga Lachisanu kapena Lamulungu, chifukwa kwa ambiri kulephera kupita kokapemphera ndiko kumapweteka kuposa nyamakazi.

Za thupi zimafuna kukhala tcheru kosalekeza. Kabuku ka kuchipatala kasungidwe pamalo amodzi odziwika. Ayezetseni kuthamanga kwa magazi ndi shuga ngakhale sakudandaula kanthu, chifukwa matendawa amayenda mwakachetechete mpaka tsiku limene munthu wafa ziwalo, ndipo akapatsidwa mankhwala asasiye pongoona kuti akupeza bwino. Kusaona chifukwa cha ng'ala si chilango cha ukalamba chimene munthu ayenera kungochipirira, pakuti opaleshoni yaifupi imabwezeretsa maso, ndipo achipatala cha boma angakuuzeni kumene ikuchitikira. Kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumaumitsa thupi, pamene okalamba samva ludzu msanga, choncho madzi akumwa akhale pafupi ndi pamene amakhala. Amene mano anatha apatsidwe phala lothira nsinjiro, nsomba yochotsa minga ndi ndiwo zofewa, ndipo azidya pamodzi ndi anthu. Chimbudzi chikhale pafupi, njira yake yosalala, ndipo muzikemo mtengo wogwirira. Amene agona osadzuka azitembenuzidwa pafupipafupi usana ndi usiku kuti asatuluke zilonda. M'mwezi wa Ramadan okalamba ambiri amaumirira kufunga, kapena kuti kusala kudya, ngakhale akumwa mankhwala a shuga. Musalimbane nawo nokha, pemphani ashehe awafotokozere kuti chipembedzo chimalola wokalamba wofooka kusafunga n'kudyetsa wosauka m'malo mwake, chifukwa mawu amenewa akachokera kwa ashehe amalandiridwa.

Matenda amene banja liyenera kukonzekera kwambiri ndi oiwalaiwala, popeza kuno matenda amenewa angathe kuphetsa munthu ndi manja a anthu anzake. Ubongo ukayamba kufooka, munthu amaiwala mayina a ana ake, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kale, amaneneza abale kuti amubera, amadzuka pakati pa usiku n'kuyamba ulendo wopita kumudzi kumene anakulira, ndipo nthawi zina amavula zovala osazindikira. Kukacha amapezeka pakhomo pa eni kapena kumanda, ali maliseche, osadziwa kuti wafika bwanji, ndipo anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Akamufunsa mwaukali amavomera chilichonse, chifukwa sakumvetsa funsolo. Zimenezi ndi zizindikiro za matenda amene amapezeka m'mayiko onse, pakati pa olemera ndi osauka omwe.

Mukangoona zizindikiro zoyamba, pitani nawo kuchipatala. Kusokonezeka kumene kwabwera mwadzidzidzi m'masiku ochepa nthawi zambiri kumachokera ku malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo kumachizika. Kumene kwabwera pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka kawirikawiri sikukhala ndi mankhwala ochiza, koma pemphani dokotala alembe m'kabuku zimene wapeza. Mukatero musabise. Pitani kwa anyakwawa, kwa ashehe kapena abusa, kwa achitetezo a m'mudzi ndi kwa oyandikana nawo nyumba, muwauze kuti agogo akudwala matenda oiwala ndipo akawapeza akuyenda usiku awabweretse kunyumba. Mudzi umene unauzidwa kale umaona wodwala pamene mudzi wosauzidwa umaona mfiti. Munthu wamkulu azigona nawo m'nyumba, pachitseko pakhale kachitini kapena belu lolira chikatsegulidwa, ndipo m'chovala chawo musokeremo kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya lamya. Musawamangirire pamtengo kapena kuwatsekera okha, ndipo musakangane nawo akanena zosamveka. Ngati akufunsa za amayi awo amene anamwalira kalekale, afunseni kuti amayiwo anali otani, ndipo mudzaona mtima wawo ukukhazikika.

Kunenezedwa ufiti sikugwera odwala okha. Kumagwera kwambiri amayi amasiye, osauka, okhala okha, ndipo kumabuka pamene mwana wamwalira mwadzidzidzi, pamene mnyamata wabwezedwa ku Joni chimanjamanja, kapena pamene wina akusirira munda wa agogo. Kawirikawiri oyambitsa amakhala achibale. M'mwezi wa Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno atawaneneza kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina, ndipo bungwe la MANEPO, limene limagwirizanitsa mabungwe oona za achikulire m'dziko muno, lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti kuphana kotere sikukutha. Mphekesera zikangoyamba, musayembekezere kuti zizilala zokha ndipo musalole kuti nkhaniyo ipite kwa sing'anga kukaombeza. Samutsani agogo akakhale kaye kwa m'bale wa kutali tsiku lomwelo, kenako kanenani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ngakhale wonenayo akhale mfumu. Kuwonjezera apo, m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, limene likuletsa kuwachitira nkhanza ndi kuwasala.

Nkhani ya malo ikhudzidwe agogo akadali ndi nzeru zawo zonse. M'mbali mwa nyanja, makamaka cha ku Monkey Bay ndi m'mphepete mwa msewu wopita kumeneko, malo akwera mtengo chifukwa cha omanga nyumba zogona alendo, ndipo si zachilendo kuti mdzukulu agulitse munda agogo asakudziwa. Agogo ayende m'malire pamodzi ndi anyakwawa ndi mboni, anene amene adzalime pati, ndipo gawo limene akudyapo lisagawidwe akadali moyo, chifukwa wokalamba amene wagawa zonse amatsala wopanda chomugwirizira ulemu. Pa katundu wina monga nyumba ya pa boma, bwato, injini kapena ng'ombe, alembe wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Onetsetsaninso kuti chiphaso chawo cha unzika chilipo ndipo chili m'manja mwawo. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndipo pano ali m'maboma onse, si penshoni ya wokalamba aliyense, koma amalunjika makomo osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo makomo ambiri a agogo olera ana amasiye ndi otero. Funsani kwa komiti ya m'dera lanu kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kuti mudziwe nthawi ya kalembera. Ngati agogo akulandira kale, fufuzani amene amawaperekeza kokalandira ndiponso ngati ndalamayo imafika pakhomo yonse. Amayi a Dawa, a Mvano ndi a m'miphakati amayendera odwala ndi okalamba, koma amapita kumene auzidwa, choncho kawauzeni. Mabanja amene nyumba zawo zili pafupi ndi madzi akumbukire mmene nyanja inasefukira m'chaka cha 2024, ndipo agwirizane nthawi ya mvula isanafike za amene adzanyamule agogo madzi akadzafika usiku.

Zimene mwagwirizana sizikhala mpaka kalekale, chifukwa wotumiza ndalama angachotsedwe ntchito, wosamala angatenge pakati kapena kudwala, ndipo agogo amene chaka chino akuyenda okha chaka chamawa angakhale ogona. Pankhumano iliyonse tchulani nthawi imene mudzakumanenso, ndipo mugwirizane kuti wosamalayo ali ndi ufulu woitanitsa abale nthawi ina iliyonse zinthu zikamukulira. Tsiku lina agogo akadzayamba okha kulankhula za imfa yawo, musawadule mawu powauza kuti asalankhule zoipa. Afunseni kumene akufuna kukaikidwa, makamaka ngati ndi bambo wa chikamwini amene midzi iwiri ingadzalimbirane kapena kukanirana maliro ake, afunseni za ngongole zimene ali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iwo, ndipo zimene anenazo zilembedwe m'kabuku komweko ndi kuuzidwa kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.